Galimoto Yokana Kulira M'mawa

Okondedwa Alamu,

Ndiyambe ndi moni kwa inu, akazi anu ndi ana onse kumeneko. Muli bwanji? Msana uja unkakuvutani pa ulendo wobwerera unasiya? Tamva kuti kumeneko kwayamba kuzizira, ndiye muzivala zokwanira, musamadzione ngati mnyamata. Kuno tili bwino. Mwana wanu wamkulu wa kunoyu akupitiriza ku koleji, amaimba foni akafuna kanthu, ndiye timadziwa kuti ali moyo. Wamng'ono ali ku sukulu yogonera komweko. M'nyumba tatsala awiri, ine ndi amuna anga, ang'ono anu.

Musadabwe kuona kalata ya pamanja masiku ano a foni. Ndikuilembera kuntchito, kuseri kwa mashelufu a mankhwala, pa nthawi yopuma masana. Ndikamaliza ndiijambula n'kukutumizirani inu nokha. Kuimba sindingathe, chifukwa ang'ono anu makutu awo ndi akuthwa, amamva foni ikulira m'chikwama cha munthu wodutsa pamsewu. Chonde musaiponye pa gulu la banja lija.

Sabata yatha munandifunsa ngati galimoto imene munatitumizira ikutithandiza, ndipo ndinayankha kuti eya, zikomo kwambiri. Zikomoyo ndikumubwereza, ndi wochokera pansi pa mtima. Eya uja ndi amene ndikufuna kumukonza.

Galimoto payokha ilibe mlandu. Imasintha yokha magiya, moti mwendo wanga wamanzere uli patchuthi. Anzanga kuntchito anaizungulira tsiku loyamba, wina mpaka anapempha kungokhalamo kuti amve kamphepo kozizira. Mafuta imamwa pang'ono, ngakhale pang'ono pa galimoto ziwiri sipakhalanso pang'ono. Inshuwalansi ndi kawiri, matayala akutha ndi a galimoto ziwiri, ndipo pabwalo pamene ndinkayanika zovala tsopano pamagona galimoto. Zonsezi tinkazidziwa, walira mvula walira matope. Zikanakhala zokhazi sindikanakutayitsani nthawi.

Mukudziwa m'mene tinkayendera ndi yakale ija. M'mawa ang'ono anu ankagwira chiwongolero, ine pambali, mpaka ku sukulu kumene amaphunzitsa ukalipentala. Pageti ankatsika, ine n'kusunthira pampando wawo, kuukokera kutsogolo poti miyendo yanga ndi yaifupi, n'kudutsanso pakati pa tawuni kupita kuchipatala. Madzulo ndinkabwerera kukawatenga, kuwapeza pa benchi la alonda, utuchi uli m'tsitsi. Ndinkabwezera mpando kumbuyo, iwo n'kuyendetsa mpaka kunyumba. Ine ndinkachedwa kuyamba ntchito, iwo ankachedwa kufika pakhomo. Mutafunsa chifukwa chimene sindinkangoyendetsa ndekha njira yonse, munadziyankha nokha kuti mwana wa dalaivala wa basi sanyamulidwa ndi mkazi.

Mukukumbukiranso dzina limene munandipatsa mutabwera, lakuti a Tirafiki. Munakhala kumbuyo tsiku lija tikupita kokagula zinthu, mukumvetsera ine ndikuwerenga msewu. Njinga kumanzere, mwana akufuna kuwoloka, minibasi ikutuluka pasiteji, chepetsani, galu. Iwo yankho lake limodzi, ndaona, ndaona. Munaseka mpaka kutsokomola. Munati mng'ono wanu akuzunzika ndipo mumuwombola, mayi awa muwagulira yawoyawo azikalamulira anthu ena. Nanenso ndinaseka. Panalibe poyambira, mwini nkhani ali pa chiwongolero.

Alamu, ine sindinabadwe wolongolola. Zaka zoyamba za banja lathu ndinkagona m'galimoto, mutu uli pawindo, chifukwa panalibe munthu woyendetsa mofatsa ngati ang'ono anu. Ndi iwo amene anandiphunzitsa ine kuyendetsa.

Kulankhulaku kunayamba posachedwa. Choyamba anakhula chipilala cha geti lathu, geti limene akhala akulowa ana asanabadwe. Anati chipilala chapendekeka. Kenako ndinaona kuti ndikaika kapu ya tiyi pambali pa mbale yawo, amafunsa kuti tiyi ali kuti. Munthu akawadzera cham'mbali amadzidzimuka. Aneba anayamba kudandaula kuti aphunzitsi ayamba kunyada, sabweza moni wa dzanja. Chimene chili kutsogolo amachiona bwino, angakuwerengereni nambala ya galimoto ili patali. Cham'mbali ndiye kulibe, zili ngati akuyang'ana dziko kudzera mu paipi.

Ine ntchito yanga ndi kugawa mankhwala, sindine dokotala. Koma pawindo langa pamadutsa anthu ambiri otenga mankhwala odontheza m'maso, moti chinthu ichi ndimachidziwa. Inunso mumachidziwa kuposa ine. Kumbukirani m'mene bambo anu anasiyira basi, ndi m'mene ankayendera m'nyumba masiku awo omaliza, dzanja lili pakhoma.

Za kuntchito kwawo sindida nkhawa kwambiri. Thabwa limakhala kutsogolo kwawo, silidumphira munthu kuchokera m'mbali, ndipo manja awo aja amadziwa okha podula. Msewu ndiye wina.

Ndinawauza kuti tipite akapimidwe. Anati maso awo ali bwino, n'kutenga botolo la mankhwala a chifuwa, kundiwerengera timalemba tonse ta kumbuyo mpaka dzina la fakitale. Nditayesanso anatuluka m'nyumba ndikulankhula. Ulendo womaliza anati ngati ndatopa kukhala pambali pawo ndingonena. Basi ndinasiya kunena za maso, ndinayamba kunena za msewu. Iwo ankati ndaona, koma phazi linkapita pa buleki ine nditanena, osati ndisananene. Choncho tinkafika.

Ndiye galimoto yanu itafika aliyense anasangalala. Ang'ono anu anaizungulira, kugogoda matayala, kukuimbirani foni kuti tsopano apuma. Mnzanga wa pawindo lachiwiri anati ndapata, iye banja lake linakhazikika tsiku limene aliyense anakhala ndi galimoto yake. Ndinamuyankha kuti mapanga awiri avumbwitsa, iye n'kuti ndine wosayamika.

Lolemba lake ang'ono anu anatuluka pageti okha, ine pambuyo pawo. Pamphambano pamene ndimayenera kukhotera kuchipatala sindinakhote. Ndinawatsata mpaka ku sukulu, kenako n'kubwerera njira yanga yakale yomwe ija. Mawa lake chimodzimodzi. Phindu lake mwaliona, galimoto ziwiri pa msewu umodzi, mafuta kawiri, kuchedwa komwe kuja. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anandiitanira pampanda n'kundinong'oneza kuti ngati pali kamtsikana ndisavutike ndi kutsata, iwo ali ndi wachibale ku sukuluko amene angandifufuzire.

Tsiku lina ndinadzikakamiza kukhota. Ndinafika kuntchito alonda asanasinthane, abwana anga mpaka anayang'ana wotchi ngati yawonongeka. Zinakoma, sindinama. Koma m'mawa wonse foni inali pa shelufu pafupi ndi dzanja langa, ndipo mapiritsi a munthu mmodzi ndinkangowawerenga mobwerezabwereza osatsimikiza. Mawa lake ndinayambiranso kutsata.

Kenako zinachitika pafupi ndi msika, pamene msewu umapanikizika. Mayi wina ankawoloka kuchokera kumanzere, beseni la malalanje pamutu, mwana kumsana. Ine ndinamuona ali patali. Sanathamange, sanatulukire kuseri kwa chinthu, ankayenda poyera ngati munthu wodziwa kuti aonedwa. Ndinanena mokweza kuti mayi kumanzere, chepetsani. Ndinanena ndili ndekha, m'galimoto yotseka mawindo. Magetsi a mabuleki awo sanayake. Pamene ndinkakumbukira za hutala, galasi la m'mbali linali litamenya kale chigongono cha mayiyo, beseni lili pansi, malalanje akugubuduzika mpaka pansi pa minibasi.

Sanavulale, Mulungu ndi wabwino. Mwanayo anangodzuka n'kuyamba kulira. Ang'ono anu anaima atamva kugunda, anatuluka n'kupita kukayang'ana tayala lakumbuyo. Anthu ndi amene anawatembenuza kuwaonetsa munthu. Anapepesa, analipira malalanje, mayiyo ndinamutengera kuchipatala kwathu kukamuunika mkono. Anthu a pamsika sanasowe mawu, ndipo ena mwa mawuwo anali oona.

Madzulo anandiuza kuti mayi uja anangotulukira. Ndinati ndinaona. Sanafunse kuti ndinaona chiyani, kapena kuti ndinkatani pa msewu umenewo.

Patangopita masiku ochepa galimoto yanu inayamba kukana kulira m'mawa. Ndikapotokola kiyi inkangoti ke-ke-ke, basi. Yosintha yokha magiya sikankhika, ndiye ndinkatenga chikwama changa n'kukakwera yakale, kubwerera mwakale, iwo chiwongolero, ine pakamwa. Njira yonse ankadandaula kuti achimwene anagula galimoto yokongola kunja kokha. Apa ndi pamene munayamba kulandira mauthenga awo odandaula aja, pepani. Ine sindinadandaule, ndipo usiku ndinkagona tulo.

Amakaniko amene munawatuma anayesetsa. Ankabwera Loweruka kudzatchaja batire, galimoto n'kulira, Lolemba yafa. Anaika batire yatsopano, zomwezo. Anaitenga kukagona ku galaja kwawo, kumeneko inkalira m'mawa uliwonse ngati tambala. Ataibweza anandiitanira pambali akupukuta manja, nati galimoto ilibe matenda, koma pali wina amene amasiya kagetsi ka kudenga kali chiyakire, mwina ana. Ndinati ana kulibe. Anati ndiye mwina ndine, poti amayi ambiri amayatsa podzola milomo n'kuiwala. Ndinawathokoza chifukwa cha nzeruzo.

Ndinkadziwa kuti si ine. Tsiku lomwelo dzuwa likulowa ndinali kukhitchini ndikutsuka mbale, pawindo loyang'ana pabwalo. Ang'ono anu ali ndi chizolowezi chofunditsa galimoto yanu chinsalu chachikulu chimene anagula okha, amati fumbi lingawononge penti. Ndinawaona akutsegula chitseko, kulowetsa mutu, dzanja likupapasa kudenga. Kagetsi kanayaka. Anatseka chitseko mosamenyetsa, n'kufunditsa chinsalu chija, kukoka makona onse bwinobwino. Kenako anabwera pa sinki pomwe ndinali kudzasamba m'manja, nafunsa ngati pali madzi otentha.

Ndinati alipo. Ndinamva chisoni, Alamu. Munthu uyu zaka zonsezi sanandinamizepo ngakhale pa kanthu kakang'ono, ndipo tsopano ankapha batire mobisa kuti asachite kupempha mkazi wake kukhala pambali pake. Mantha anali atawafika, koma pakamwa ayi.

Lolemba tinachita sewero lathu. Ine kupotokola kiyi, iwo kupukusa mutu n'kutchula dzina lanu. Tinakwera yakale. Ndinanena njinga, ndinanena mwana, ndinanena minibasi. Tili pafupi kufika ndi pamene ndinazindikira kuti sananene ndaona ngakhale kamodzi.

Tikanatha kupitiriza choncho, mwina mpaka atapuma pa ntchito. Koma inu munawakalipira amakaniko pafoni, ndipo munthu sangalole kutaya dzina chifukwa cha kagetsi. Loweruka lapitali anabwera, anatchaja batire, n'kuchotsa babu la kudenga osauza mwini nyumba. Anangondionetsa ine ali pageti, akulitulutsa m'thumba la ovolosi, nati tsopano tione. Madzulo ang'ono anu anapapasa kudenga monga mwa nthawi zonse, n'kufunditsa chinsalu. Sanaone kuti kagetsi sikanayake.

Lamulungu lonse ndinali ndi maganizo. Ndikanatha kunamizira, kupotokola kiyi theka n'kusiya, n'kunena kuti yakananso. Koma sewero landitopetsa, ndipo pakamwa panga si buleki. Tsiku lina ndidzayetsemula pa nthawi yolakwika, kapena ndidzakhala ndikuyang'ana njinga ya kumanja mwana akuchokera kumanzere.

Ndiye lero m'mawa ndinapotokola kiyi mpaka kumapeto, galimoto n'kulira kamodzin'kamodzi. Iwo anali ataima pakati pa galimoto ziwirizi, chikwama m'dzanja, makiyi a yakale m'dzanja linalo. Anati oo, yalira. Ndinati yalira.

Anapita ku yakale, anatsegula, anakhala, anamanga lamba. Ine ndinangodikira, injini yanga ikulira. Yawo sanailize. Patapita kanthawi anatuluka, anakiya, n'kubwera pawindo langa. Anati akufuna amve m'mene injini iyi ikulirira pa msewu, chifukwa amakaniko a masiku ano sadalirika. Anazungulira n'kukhala pampando wa pambali, chikwama pamiyendo. Chisiyireni kundiphunzitsa kuyendetsa, anali asanakhalepo mbali imeneyo.

Za injini sananenepo kanthu. Ine pakamwa pankandiyabwa poti panalibe woti ndimuuze za njinga. Titafika pamsika paja anandiuza, maso ali kutsogolo, kuti ndiziwauzabe. Ndinafunsa kuti ndiwauze chiyani poti woyendetsa ndine. Anati chilichonse chimene chili kumanzereku.

Ndinawauza. Anjinga akudikira anthu, mtsikana wa yunifolomu akumanga nsapato, bambo akutsitsa makatoni, nyumba yosanja yopaka chikasu pamene panali mtengo waukulu uja. Anafunsa kuti mtengo anaudula liti. Ndinati chaka chatha. Anangoti oo. Tadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo nthawi yonseyi, iwo akuyendetsa.

Pageti la sukulu anatsika, anawerama pawindo, nati injini ili bwino, ndiye mawa aliyense ayende ndi yake.

N'chifukwa chake ndikulemba lero osati mawa. Yankho la funso lanu ndi lakuti galimoto yachiwiri sikutipindulira, ndipo vuto si mafuta. Nyumba ino ili ndi anthu awiri odziwa kuyendetsa, koma maso ndi okwanira galimoto imodzi.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire madzulo ano. Musatchule maso, musatchule kalatayi. Muwapemphe galimoto yakale. Chifukwa chake mupeze nokha, kaya ndi mwana wanu uja amene akufuna kudzayamba ntchito kuno, kaya mukufuna muziipeza mukabwera patchuthi. Chachikulu ichoke pabwalo pano, amakaniko adzaitenge mawa m'mawa tisananyamuke. Mupemphe ngati munthu wosowa, osati ngati mkulu wolamula. Ine angandikanize, adokotala angawakanize, koma mkulu wawo amene wangowapatsa galimoto sangamumane. Adzakunenani mwezi wathunthu kuti ndinu munthu wovuta, ndipo ine ndizidzawavomereza. Mupirire, chibale ndi fupa, sichiwola.

Chachiwiri, inunso mukapimitse maso anu, poti bambo anali amodzi. Mukatero mudzawauze ngati nkhani wamba kuti adokotala ati abale onse apimidwe. Zimene zapita sizibwerera, koma zotsalazo mankhwala amatha kuzisunga. Ndimawagawa ndekha pawindo pano, kwa anthu amene anabwera nthawi ikadalipo.

Mukapanda kuimba, mawa ndiwalanda makiyi n'kunena zonse poyera, za mayi uja, za kagetsi, za bambo anu. Ndikudziwa kuti adzamva. Chimene sindikudziwa n'chakuti adzandikhululukira liti kuti amene ananena ndine, ndipo ndikuopa. Ndili ndi zaka zambiri zoti ndiwayendetse munthu ameneyu, ndiye ndikufuna azikhala pampando umenewo osandida.

Nthawi yopuma yatha, pawindo payamba mzere. Madzulo ano ndikawatenga ku sukulu, ndipo sindikudziwa kuti akatsegula chitseko cha mbali iti.

Mundiperekere moni kwa mayi a m'nyumba mwanu, muwauze kuti nsalu ija ndinasoketsa ndipo inandikhala. Moni kwa ana onse, wamng'onoyo mumuuze kuti azakhali ake (poti ndi m'mene amanditchulira) akumufunsa. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mawu oyenera.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a ana a mng'ono wanu